Waya Wodutsa M'chipinda cha Malemu

Kwadaso, Kumasi
12 Epulo

Ababa,

Moni kwa inu, kwa amayi ndi onse a pakhomo. Mukudzuka bwanji masiku ano? Bondo lija likukulolani kufika kumunda? Ine ndili bwino, m'thupi mulibe chovuta. Kalata iyi ndalemba ndekha kuyambira pamwamba mpaka pansi, sukulu ya madzulo ija sinapite pachabe. Ndawapatsira a Adongo a basi, muli ndalama masidi 80 ndi sopo. Mugule mtedza wa mbewu panopa, mukudziwa mmene amakwezera mtengo pamsika wa Bongo mitambo ikangoda.

Zimene munamva ndi zoona. Agya Kwarteng, bambo a nyumba imene ndimagwira ntchito ino, anamwalira masabata awiri apitawo, m'mawa, atakhala pampando m'chipinda chawo cham'mwamba. Sanadwale. Amene anakuwa ndi akazi awo, Maame Boatemaa. Thupi lili ku mochale ndipo maliro adzachitika pa 6 Juni. Kuno munthu amadikira mufiriji mpaka abale onse atasoketsa nsalu.

Tsiku lomwelo anabwera a Agyekum, mwini mbumba wa kwa malemu, pamodzi ndi Anti Nyarkoa, mlongo wa malemu. Anakhoma chipinda cha Agya ndi loko wamkulu, kiyi n'kulowa m'thumba la a Agyekum. Akuti palibe wolowamo kapena kukhudza kanthu mpaka maliro atatha, wolowa m'malo atasankhidwa. Ngakhale Maame, amene agona m'menemo zaka makumi anayi, panopa akugona pamphasa pabalaza.

Mwana wawo ndi mmodzi yekha, Bra Oduro. Ali ku Italy chaka chachisanu ndi chinayi, alibe mapepala. Akabwera kuno sadzaloledwa kubwerera, ndipo kumeneko ali ndi mkazi ndi khanda. Ndiye agwirizana kuti tsiku la maliro, thupi likadzagonekedwa pabalaza, adzawaona bambo ake pa kompyuta. Maame anagwira dzanja langa n'kunena kuti, "Poka, bokosi lisadzatsekedwe mwana wanga asanaone nkhope ya bambo ake. Wamva?" Ndinati ndamva.

Vuto ndi intaneti. Imabwera pa waya wakuda wochokera pa pholo la kumsewu, n'kulowa m'kabokosi kotchedwa modemu kamene kali pabalaza. Kabokosika kali ndi timagetsi tinayi tobiriwira. Tonse tikakhazikika, Bra Oduro amaoneka bwinobwino mpaka ndevu. Koma kuyambira sabata yatha kagetsi kachitatu kakungophethira. Nkhope yawo imauma pakati pa mawu, kukamwa kuli yasa, Maame n'kumangoitana, "Oduro! Oduro!" ngati akudzutsa munthu. Mafoni kudambo kuno sagwira bwino, ndiye njira ina palibe. Maame ati poti ine ndimawerenga, kabokosika ndi kanga.

Pali china chimene ndimafuna kukufunsani, cha tsiku lija anamwalira agogo, koma pepala latha.

Ndine mwana wanu,
Atipoka


26 Epulo

Ababa,

Moni nonse. A Adongo andiuza kuti nkhanga zaswa khumi ndi ziwiri, ndasangalala. Muwauze amayi asazitulutse mame asanaume. Ine ndili bwino, kungoti tulo ndi tochepa.

Ndinaimba foni ku kampani ya intaneti. Mayi wa kumeneko, mawu osalala ngati wa pawailesi, anati, "Zimitsani modemu, muwerenge mpaka makumi atatu, muyatsenso." Ndinatero. Mawa lake anandiyankha bambo wina, mawu ake omwewo. Pano ngakhale posinja fufu, nsima ya kuno, ndimangopezeka ndikuwerenga mpaka makumi atatu. Ndinamanga kamutu ka waya kumbuyo kwa modemu mpaka zala kuwawa. Ndinapemphanso alendo obwera kudzapepesa kuti azizimitsa mafoni awo Bra Oduro akamaimba. Anti Nyarkoa anati, "Tamuonani wa tsache uyu, lero akulamula mafoni a eni nyumba!" Anthu anaseka, ine ndinangoyang'ana pansi.

Ndinagula kabuku, ndimalembamo tsiku, nthawi, kunja kuli bwanji, ndi mmene kagetsi kachitatu kakuchitira.

Lachitatu kunabwera wa kampani, Bra Sarpong, panjinga yamoto, makwerero atamangirira kumbuyo. Ndi munthu wocheza kwambiri. Atangolowa anati, "Injiniya wa nyumba ino ndi uti?" Maame analoza ine. Ndinalakalaka pansi patang'ambika. Koma ndinawapatsa kabuku kaja, anawerenga, n'kusiya kuseka. Anati, "Iwe, wandigwirira theka la ntchito. Taona, paliponse pamene walemba kuti mvula, mawa lake kagetsi kagwa. Waya ameneyu akumwa madzi penapake."

Anakwera pholo, anapeza kamutu ka waya katachita dzimbiri, anadula n'kuikapo katsopano. Ali m'mwamba momwemo akukuwa, "Maame, ndamupeza wakuba! Buluzi ndi amene amaonera mafilimu anu kuno!" Maame anaseka, koyamba chimwalirire Agya. Masiku awiri zinayenda bwino, mpaka Bra Oduro anatisonyeza khanda lija likuyasamula. Dzulo kunagwa chimvula. Lero kagetsi kayambanso.

Ababa, gawo ili musawawerengere amayi. Kukachita mphepo, chitseko cha chipinda cha Agya chimalira, gu, gu, ngati munthu akukankha ali m'kati. Masana enieni, dzuwa likuwala. Tsiku lina tikusenda chinangwa pakhonde chinayamba, tonse tinasiya mipeni. Anti anati, "Alongo anga sanagone. Pali wina m'nyumba muno akudziwa kanthu." Anayang'ana Maame nthawi yaitali, kenako ine. Ndinadzicheka chala, koma chapola.

Denga la khola mulikonze mvula isanafike kumeneko.

Atipoka


10 Meyi

Ababa,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Ndamva kuti mvula yoyamba yagwa ndipo mapira mwadzala. Ndatumiza mafuta opaka a bondo, muzipaka m'mawa ndi madzulo, osati kuwapatsa anzanu a kutchalitchi ngati ulendo wathawu. Kuno tomato wakwera, atatu sidi imodzi.

Bra Sarpong abwera kawiri. Ulendo woyamba anasintha modemu, anabweretsa yatsopano m'katoni. Sizinathandize. Ulendo wachiwiri anabwera ndi kamakina koyezera kooneka ngati wailesi yaing'ono. Anayeza pa pholo, anati pali bwino, mphamvu ndi yokwanira. Anayeza pabalaza, anaimba mluzu. Anandisonyeza manambala, anati, "Taona Injiniya, kuchoka pa pholo kufika pano, mphamvu yathera panjira. Komanso pali phokoso pawayapa, ndipo silikuchokera kunja. Likuchokera m'nyumba muno."

Maame anali pamphasa. Anadzuka n'kufunsa, "Phokoso lanji?"

"Phokoso basi, Maame, la pawaya. Ngati anthu awiri akulankhula nthawi imodzi."

Tinatuluka kukatsatira waya. Ine ndimayesa amalowa pabalaza. Ayi. Kuchoka pa pholo amakwera mpaka kunsi kwa denga, mbali ya kumsewu, n'kulowa pakhoma la chipinda cha Agya. Maame anakumbuka kuti kalekale waya ameneyu anali wa kanema wa m'chipinda mwawo, intaneti inabwera pambuyo. Bra Sarpong anati ndiye kuti m'katimo muli kachitsulo ka mphanda kogawa waya pawiri, wina wa kanema, wina wotsikira pabalaza. Anati, "Matenda ali pamenepo. Munditsegulire mphindi zisanu zokha."

Ndipo pomwepo chitseko chinati gu. Bra Sarpong, munthu wa nthabwala uja, anavula chipewa.

Maame anafunsa motsitsa, "Ndiye akuti chiyani pawayapo?"

"Ndani, Maame?"

Maame anangobwerera pamphasa.

Ndinafunsa ngati sizingatheke kukoka waya wina kuchoka pa pholo kufika pabalaza, osadutsa m'mwamba. Anati zingatheke, koma kuofesi amafuna mwini dzina, amene analembetsa intanetiyo, asaine fomu. "Mwini dzina ali mufiriji, Injiniya, cholembera sangagwire." Kusintha dzina akuti kumafuna kalata ya imfa ndi masabata asanu ndi limodzi. Anati atha kungokoka mwakachetechete, koma Anti anamva. Anati, "Khoma ili silibooledwa, waya wa alongo anga sadulidwa, mpaka mwini wake watsopano atadziwika. Mukufuna kugawana nyumba munthu asanaikidwe?"

Lachinayi tinapita ndi Maame kwa a Agyekum. Maame anagwada, pa msinkhu wawo. A Agyekum anamvetsera bwinobwino, si munthu wankhanza. Anati, "Mlamu, wa kampaniyo waona ndi maso kuti vuto lili m'menemo?" Tinati ayi, akuganiza. Anati, "Anaganiza za pholo, anaganiza za kabokosi. Chipinda cha malemu sitingatsegule chifukwa cha maganizo a mnyamata wa njinga yamoto. Mbumba ingandifunse chiyani?"

Tinabwerera pa minibasi. Ine ndinali ndi chowauza Maame, koma ndinachisunga.

Mundipempherere.

Atipoka


19 Meyi

Ababa,

Moni. Ndili bwino. Ayi, ndisaname, sindili bwino. Kalata iyi muwerenge muli nokha kumunda.

Mukukumbuka tsiku limene agogo anamwalira? Ndinali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinakuonani mukuchotsa chinsanza chimene chinkatseka kabowo ka pakhoma la nyumba yawo. Nditafunsa munati, "Apeze potulukira." Sindinaiwale.

Amene anayamba kuwapeza Agya si Maame. Ndinawapeza ndine. Ndinakwera ndi tiyi wawo monga mwa masiku onse. Wailesi inkalankhula, iwo ali pampando, maso ali otsegula. Ndinawagwira dzanja, linali lozizira. M'chipindamo munali motentha, motsekeka paliponse, ndipo ndinawamvera chisoni. Ankanditchula kuti mwana wanga, ndi amene anandilembetsa sukulu ya madzulo. Ndiye ndinalowetsa dzanja kuseri kwa katani, ndinatsegula zenera lakumbuyo, lonse, n'kunena m'chinenero chathu kuti, "Agya, njira ndi iyi."

Kenako mantha anandigwira. Ndinaganiza kuti anena kuti mtsikana wa kumpoto ndi amene anali nawo komaliza, ndipo anali ndi kapu m'manja. Ndinatsika, tiyi ndinataya, n'kuyamba kusesa. Ndinasesa malo amodzi mpaka Maame anakuwa.

Onyamula thupi sanayang'ane kuseri kwa katani. Kenako loko. Zeneralo limayang'ana khoma la oyandikana nawo, pakati pali kampata koti ngakhale mbuzi singadutse, ndiye palibe amaliona. Denga la oyandikana nawowo limakhuthulira madzi pomwepo. Kanema wa Agya ali pansi pa zenera limenelo.

Ndiye chitseko chikamati gu, ine ndimadziwa kuti ndi mphepo. Ndimadziwa ndithu. Koma ndikamakolopa masitepe ndimadutsapo mothamanga, chifukwa mwina ndinatsegula molakwika ndipo sanatuluke.

Ndikanena kuti zenera ndi lotsegula, andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndikakhala chete, Bra Oduro sadzawaona bambo ake. Kwatsala masiku khumi ndi asanu ndi atatu. Ababa, ndichite chiyani? Musalembe ngati maso akuvuta, mungowauza a Adongo.

Atipoka


28 Meyi

Ababa,

Moni kwa nonse. Mafuta odzola a shea amene amayi anatumiza ndalandira, muwathokoze.

A Adongo andiuza mawu anu pa siteji, anthu akukankhana ndi katundu. Anati, "Bambo ako ati wotsegula ndi amene amatseka. Ati kwa agogo ako anabwezerapo chinsanza chija tsiku lachitatu, iwe unali kwa azakhali ako." Anafunsa kuti ndi mwambi wanji umenewu, ndinati za nkhanga.

Sindinkadziwa kuti amatsekanso, Ababa. Ndinangoona theka.

Mvula ikugwa tsiku ndi tsiku. Intaneti pano sikufika n'komwe pa nkhope, ndi mawu okha, odukaduka. Lamulungu Bra Oduro anayesa kasanu ndi kawiri. Ulendo womaliza tinamva kuti, "Maame, ngati zikanika, mungondijambulira chith..." basi n'kuduka. Maame anakhala akuyang'ana galasi lakudalo. Kenako anati, "Chithunzi? Bambo ake akhale chithunzi?" Kuyambira tsiku limenelo akungomwa phala lokha. Usiku ndi usana ali pafupi ndi kabokosi kaja, akuti mwina Agya akukana kuti mwana awaone chifukwa anachoka osatsanzika bwino.

Osoka nsalu abwera, a matenti abwera, pabalaza apaka penti. Loweruka mbumba yonse ikumana pano kukonza zomaliza. Ndawaimbira Bra Sarpong kuti adzabwere Loweruka lomwelo ndi zida zawo. Anati, "Atsegula?" Ndinati mudzangobwera.

Ngati a Adongo sabwera ndi ndalama mwezi wamawa, musadabwe.

Atipoka


2 Juni

Ababa,

Ndili moyo, ndili bwino. Ndikhulupirira inunso.

Ndinanena. Anali pakhonde anthu ngati makumi awiri, amuna pamipando, amayi pamabenchi. Ndinabweretsa madzi akumwa, ndinaika thireyi pansi, ndinagwada kutsogolo kwa a Agyekum, osadzukanso. Mawu oyamba sanamveke. Wina anati, "Kweza mawu, mwana iwe, sitili m'tchalitchi." Ndiye ndinakweza. Ndinanena zonse, za tiyi, za zenera, za kusesa.

Kenako Anti anaimirira. Zimene ananena sindilemba, ndipo tsaya limene anandimenya mbama latsika kale. A Agyekum anamenya ndodo pansi, anati, "Nyarkoa, khala. Mwana iwe, ukuti miyezi iwiri mvula ikulowa m'menemo?" Ndinati inde. Anatseka maso. Anati, "Bokosi la nsalu lili m'menemo."

Anaitanitsa botolo la mowa wa jini. Tinakwera masitepe, iwo patsogolo, Anti, Maame, amuna awiri a mbumba, Bra Sarpong, ine kumapeto. Pakhomo anavula nsapato, anatsitsa nsalu paphewa, anathira jini pansi n'kunena kuti, "Kwarteng, ndine Agyekum. Sitinabwere kudzagawana zako. Madzi alowa m'nyumba mwako, tabwera kudzatseka. Usatiyese akuba." Anatsegula.

Fungo, Ababa. Ngati nkhokwe yovunda. Katani anali wakuda ndi chuku, akuuluka. Pansi madzi, masamba, ndi chisa cha mbalame pamwamba pa kabati. Mpando wawo unali pomwe paja, utayang'ana kuzenera. Ine ndikukumbuka kuti unkayang'ana kukhomo, koma mwina onyamula thupi anautembenuza.

Bokosi lamatabwa linali litafufuma. Munali nsalu zoluka za kente zisanu ndi ziwiri, zina za agogo awo a Agya, zoti zidzapite kwa wolowa m'malo, amene aliyense akudziwa kuti adzakhala mwana wa Anti. Zinayi zinang'ambika m'manja ngati pepala lonyowa. Anti sanakuwe. Anakhala pansi m'madzi momwemo, nsalu ili pamiyendo, n'kumalira mwakachetechete, "Amalume anga analuka iyi." Pamenepo ndi pamene ndinamva kuwawa kwenikweni, kuposa tsaya.

Bra Sarpong anasuntha kanema. Kachitsulo ka mphanda kaja kanali pansi m'madzi, kakang'ono ngati bokosi la machesi, kobiriwira ndi dzimbiri. Anakachotsa, anadula nsonga zowola, analumikiza waya mwachindunji n'kumupachika pamsomali m'mwamba. Sanalankhule nthabwala ngakhale imodzi. Sizinakwane mphindi khumi.

Ndinapempha a Agyekum kuti zenera nditseke ndine. Anandiyang'ana, n'kugwedeza mutu kuti inde. Linali litalimba, ndinakoka ndi manja awiri. Anakhomanso loko.

Titatsika, timagetsi tonse tinayi tinali titakhazikika. Bra Sarpong anayeza, anandisonyeza manambala n'kunong'ona, "Phokoso latha, Injiniya." Dzulo kunagwa mvula yamphamvu, kagetsi sikanaphethire.

Maame sanandilankhule masiku awiri. Lero m'mawa ndikuwapatsa phala anandigwira mkono. Ndimayesa andikalipira za kusesa kuja. Anati, "Poka, utatsegula, unamva akudutsa?" Ndinati sindinamve kanthu, Maame. Anati, "Hmm." Phala anamaliza lonse.

Atipoka


8 Juni

Ababa,

Moni kwa inu ndi amayi. Ndiyambe ndi ichi kuti musamve kwa ena. Ndikubwera Lachinayi ndi basi ya a Adongo. Mbumba yagamula kuti nyumba ikupita kwa mwana wa Anti, Maame akhalabe m'chipinda chapansi, koma ine ayi. Sanandilipitse nsalu, a Agyekum anakana. Wina adzandichingamire pa siteji ndi njinga, ndili ndi chikwama ndi katoni ya mabuku. Bra Sarpong andilembera nambala yawo, akuti kampani nthawi zina imaphunzitsa atsikana kukwera mapholo. Tidzakambirana ndikafika, mtedza tikupalira.

Maliro anachitika Loweruka. Thupi linafika kusanache, amayi okonza thupi anatseka pabalaza, ndipo dzuwa litatuluka anatsegula zitseko. Agya anagona pabedi lamkuwa, atavala nsalu yatsopano yoyera ndi yakuda, mphete pazala, maluwa mbali zonse. Anthu ovala zofiira ndi zakuda anandanda mpaka kumsewu, ng'oma zikulira panja. Kumwamba kunali kutada, mvula ikuwaza.

Ine ndinali pakona ndi kompyuta, maso pa kabokosi. Ndinali nditamata kapepala pa soketi kuti wina asazule n'kuikapo foni yake. Bra Oduro anaimba nthawi imene tinapangana. Anaoneka bwino kwambiri mpaka ndinaona kuti kolala ya malaya awo akuda ndi yopindika. Anali okha m'kachipinda, atakhala pabedi.

Maame anati, "Poka, mutengere kwa bambo ake."

Anti anati, "Ameneyo ayi. Apereke kwa wina."

Maame sanakweze mawu. Anati, "Mlamu, nyumba ndi yanu, nsalu ndi zanu. Mwana ndi wanga. Poka, nyamula."

Ndinanyamula kompyuta ija yotsegula, galasi litayang'ana kutsogolo, ngati thireyi. Anthu anapatuka. Ndinayamba kumapazi, pang'onopang'ono, monga amayendera onse, mpaka kumutu. Kumeneko ndinaima, n'kupendeketsa kuti nkhope ziyang'anane.

Ndinamva mawu a Bra Oduro, "Poka, tsitsa pang'ono. Kumanzere. Eya. Ima pomwepo."

Ndinaima. Sanalire, sanalankhule. Mphindi imodzi, ziwiri. Mtima unagunda, ndinati basi yaumanso. Ndinasuzumira kabokosi, timagetsi tonse tili phee. Ndinasuzumira pagalasi, nkhope ili chimodzimodzi, osagwedezeka. Kenako ndinaona kholingo lawo likukwera n'kutsika. Sinali intaneti, Ababa. Anali iwo.

Mvula inalimba padenga. Amuna a bokosi anali atalowa, ataima kukhoma ndi chivundikiro. Wina anati nthawi yatha, abusa akudikira kutchalitchi. A Agyekum anangokweza dzanja, osatembenuka. Mikono yanga inayamba kunjenjemera, ndinakanikiza zigongono m'nthiti kuti chithunzi chisagwedere. Maame anabwera kumbuyo kwanga n'kuika manja awo pansi pa manja anga, tinagwira awiri.

Bra Oduro anati, "Agya, ndine Oduro. Ndachedwa." Analankhula zina motsitsa, za iwo awiri, sindilemba. Anafunsa amayi awo kuti chipsera cha pachibwano chija chili kuti, Maame anati okonza apakapo ufa. Anati, "Chotsani." Maame ananyowetsa chala n'kupukuta, chipsera chinaoneka. Pamenepo ndiye analira, kulira kwa mwana wamng'ono, ndipo mawu onse anafika, osaduka ngakhale pamodzi, mpaka amayi a pakhomo anayamba kulira nawo.

Atatha anapukuta nkhope ndi malaya, anayang'ananso kanthawi, n'kunena kuti, "Ndawaona, Maame. Atsekeni."

Ndine mwana wanu,
Atipoka